Miyezi Isanu Ndikukonza Kalavani Yakale ku Rosettenville

Mwezi wa Meyi chaka chatha ndinapita ku Krugersdorp, kuno ku Joni, kukaika makabati a kukhitchini m'nyumba ya mayi ena achikulire, ndipo pamene ndinkafunafuna malo odulirapo matabwa kuseri kwa galaja ndinapeza kalavani itakhala pansi pa mtengo, matayala ake ataphwa, mawindo atada ndi fumbi, masamba ouma atadzaza padenga. Mayiwo anandiuza kuti malemu amuna awo ankaikoka chaka chilichonse mu Disembala kupita ndi ana kunyanja ku Durban, koma kuti chimwalirireni iwo inali isanasunthepo pamalopo, ndipo zaka zinali zitapitirira 20. Ana awo ankafuna kuitana anthu ogula zitsulo zakutha kuti adzaiphwasule. Ndinaizungulira kawiri, ndinagogoda khoma lake ndi chala ngati mmene timagogodera chivwende pamsika, ndipo tsiku limene ndinamaliza makabati ndinapempha kuti gawo la malipiro anga likhale kalavaniyo.

Kwa abale amene mukuwerenga muli kumudzi, kalavani ndi kanyumba ka matayala kamene kamakokedwa ndi galimoto, ndipo m'kati mwake mumakhala bedi, tebulo lopinda, kasinki, mbaula ya gasi ndi timakabati. Kwathu timaiona kawirikawiri pamisasa ya anthu okonza misewu, koma kuno ku Joni inali ya mabanja opita kutchuthi, makamaka azungu a m'nthawi ya tsankho, pamene malo ambiri opumulirako anali oletsedwa kwa anthu akuda. Mayina amene amamveka kwambiri ndi Jurgens, Sprite ndi Gypsey. Jurgens anaiyambitsa kunoko Geert Jurgens, amene anachokera ku Netherlands, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, pamene Sprite inayambira ku England kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 m'manja mwa Sam Alper, amene ankafuna kupanga kalavani yotsika mtengo ndi yopepuka moti galimoto yaing'ono ya banja ikhoza kuikoka. Yangayi ndi Sprite, ndipo mapepala ake amasonyeza kuti ndi ya 1978. Mawu akuti yopepuka ndinawamva nthawi imeneyo osawalabadira, ndipo ndinadzawakumbukira ndalama zina zitapita kale.

Kuichotsa pamalopo kunali ntchito payokha. Laisensi yanga ndi ya Code B, imene imalola munthu kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750 ikakhala ndi katundu wake yense, ndipo yoposa pamenepo imafuna Code EB, zimene anthu ambiri amazidziwa apolisi apamsewu atawaimitsa kale. Mwamwayi alamu anga amayendetsa mathiraki okoka ngolo zikuluzikulu, choncho laisensi yawo imawalola, ndipo anabwera ndi pikapu Loweruka m'mawa titatenga chilolezo cha masiku ochepa choyendera pamsewu. Iwowo ndi amene anagwada n'kuwerenga m'mbali mwa tayala. Tayala lililonse limakhala ndi manambala osonyeza nthawi imene linapangidwa: kuyambira chaka cha 2000 amakhala manambala 4, awiri oyamba osonyeza sabata ndi awiri omaliza osonyeza chaka, koma matayala amenewa anali ndi manambala 3 okha, kutanthauza kuti anapangidwa 2000 isanakwane. Sanali operepeseka n'komwe, koma mphira yake inali itachita ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe. Alamu anapukusa mutu nati, "Alamu, awa satifikitsa ngakhale pa Roodepoort." Tinagula matayala awiri atsopano, tinapaka girisi m'mabering'i, ndipo tinayenda pang'onopang'ono mpaka ku Rosettenville, kumene eni nyumba imene timachita lendi anandilola kuiika kuseri pokhapokha nditawakonzera geti lawo.

Mayi a kunyumba anatuluka, anaiyang'ana nthawi yaitali ali chete, kenako anafunsa mwaulemu wonse kuti, "Bambo a ana, kodi khola la nkhukuli ndi limene mwagwirira ntchito milungu iwiri ija?" Ndinawayankha kuti lingofunika penti ndi makatani basi, ndipo ndinkakhulupiriradi zimenezo.

Kunja inkaoneka bwino ndithu, chifukwa aluminiyamu sachita dzimbiri ngati malata, koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nditatsegula chitseko ndinalandiridwa ndi fungo la chuku, ndipo nditakanikiza sikuludiraiva pakona ya kutsogolo, pansi pa windo, inalowa yonse mpaka pachigwiriro popanda kuikakamiza. Ndinakanganula pulayiwudi wa m'katimo n'kupeza kuti thabwa limene linayenera kukhala mzati wa pakonapo linali litasanduka chinthu chakuda, chofumbutuka m'manja ngati manyowa a m'khola. Khoma la kalavani yotere limapangidwa mosavuta: kunja kuli aluminiyamu woonda kwambiri, m'kati muli pulayiwudi wa mamilimita 3, ndipo pakati pake pali timatabwa tating'ono tolumikizana ngati nthiti, mipata yake atatsekamo thovu loyera louma lija limene amatchinjirizira TV yatsopano m'katoni. Pamene aluminiyamu wa khoma akumana ndi wa denga pamadutsa mzere wa chitsulo womangidwa ndi masikuluwu, ndipo pansi pa mzerewo pamakhala phula lofewa lotseka madzi. Phula limeneli silipangidwa kuti likhale zaka 40. Likauma limasweka, madzi amatsata sikuluwu kulowa m'thabwa, ndipo popeza kunja kuli chitsulo, m'kati muli pulayiwudi wopakidwa vanishi, madziwo sakhala ndi potulukira.

Munthu wina m'zaka zapitazo anaona kudontha n'kumata silikoni pamwamba pa mizere yonse. Ndilibe naye mlandu, chifukwa inenso ndikanachita chimodzimodzi, koma silikoni womatidwa pamwamba amadzasiyana ndi aluminiyamu pakapita nthawi, amasiya kampata kosaoneka kamene kamalowetsa madzi n'kuwasunga, ndiponso penti sagwira pamene iye wadutsa. Kumuchotsa kunanditengera masiku a Loweruka atatu, ndikupala ndi kapulasitiki kuti ndisakande chitsulo.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo cholakwacho chinachokera m'maphunziro anga enieni. Ukalipentala ndinaphunzira ku Ndirande kwa amalume anga, kumene tinkapanga mabedi ndi makabati a mlombwa, ndipo ndikukumbukira bwino mmene wogula ankayesera katundu: ankagwira pakona ya bedi n'kuyesa kulinyamula, ndipo likamukanika ankamwetulira n'kuyamba kunenerera mtengo. Katundu wolemera ndiye anali katundu weniweni. Choncho nditaona timatabwa ta m'khoma la kalavani, tosanenepa kuposa chala changa chachikulu, ndinaganiza kuti amene anaipanga ankangoumira matabwa. Ndinadula mzati watsopano wa pakona kuchokera ku thabwa lolimba lokhuthala mamilimita 50, ndinaumata ndi guluu, ndinaumanga ndi masikuluwu aatali, ndiponso ndinagula mapulayiwudi a mamilimita 12 oti ndikutire makoma onse. Mumtima ndinkati ndikamaliza idzakhala yolimba kuposa tsiku limene inatuluka m'fakitale.

Amene anandiimitsa ndi bambo wina wachikulire wogulitsa zipangizo za makalavani ku Boksburg, kumene ndinapita kukafuna mphira za m'mawindo. Ndinawaonetsa zithunzi pafoni monyadira, ndipo iwo anaziyang'ana, anavula magalasi, nandifunsa ngati ndikumanga nyumba kapena kalavani. Kenako anatenga pepala n'kundiwerengetsera. Pulayiwudi mmodzi wa mamilimita 2,440 mulitali ndi 1,220 mulifupi, akakhala wokhuthala mamilimita 3, amalemera makilogalamu pafupifupi 5 kapena 6, pamene wa mamilimita 12 amapitirira makilogalamu 20. Pa mapulayiwudi 10 ndiye kuti ndikanawonjezera makilogalamu oposa 150, ndisanaikemo madzi, gasi, zofunda kapena mphika ndi umodzi womwe. Kalavani iliyonse ili ndi malire a kulemera kwake olembedwa pakachitsulo kokhomedwa kutsogolo, ndipo ekiselo (chitsulo cholumikiza matayala awiri), mabuleki ndi matayala anapangidwira malire amenewo. Anandiuzanso chinthu chimene sindinachiganizirepo pa moyo wanga wonse wopala matabwa, chakuti kalavani ikamayenda pamsewu imapindika ndi kugwedera thupi lonse, choncho ziwalo zake ziyenera kugwedera pamodzi. Mukaika mzati umodzi wouma gwa pakati pa timatabwa tofewa, kugwederako kumasonkhana pamene ziwirizo zakumana, mzere wa pamenepo umatseguka, ndipo madzi amalowanso pakona yomwe mwakonzayo.

Ndinabwerera kunyumba ndili ndi manyazi, ndinachotsa mzati wanga wokongola uja, ndipo mapulayiwudi okhuthala aja ndinadzapangira mashelefu a kasitomala wina. Kuyambira pamenepo ndinasiya kulimbana ndi amene anaipanga n'kuyamba kuwatsanzira. Thabwa lililonse lowola ndinkalichotsa mosamala, ngakhale likhale m'zidutswa zitatu, n'kuligoneka pa thabwa latsopano kuti ndijambule maonekedwe ake enieni, makamaka m'makona opindika a kutsogolo ndi kumbuyo, amene sangayezedwe ndi tepi. Ndinagwiritsa ntchito matabwa a meranti, amene amapezeka mosavuta kuno, si olemera kwambiri ndipo amapirira chinyezi kuposa paini wamba. Sindinkaphwasula mbali ziwiri nthawi imodzi, chifukwa makabati ndi mipando ya m'kati, ngakhale imaoneka ngati timabokosi ta tomato, ndi imene imagwira makoma kuti asapendekeke, ndipo munthu akachotsa zonse pamodzi chitseko chimadzakana kutsekeka. Kabati imodzi ndinainyamula ndi zala ziwiri n'kuseka ndekha, poganiza zimene amalume akananena ataiona, komatu kabati imeneyo inayenda maulendo ambirimbiri a ku Durban osasweka.

Nyengo inandithandiza ndi kundivutitsa nthawi imodzi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo nyengo yake yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, imakhala youma, moti ndinatha kusiya khoma lili lotsegula kwa milungu ingapo nditangoliphimba ndi lona. Koma mu Juni ndi Julaye m'mawa udzu umayera ndi chisanu, guluu amachedwa kugwira, zala zimachita dzanzi, ndipo ikamakwana hafu pasiti faifi madzulo kumakhala kutayamba kuda. Ndinkagwira ntchitoyi Loweruka masana ndi Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ndikudziwa kuti pofika Okutobala mvula idzayamba ndipo chilichonse chiyenera kukhala chitatsekedwa.

Denga la kalavaniyi lili ndi chigawo chapakati chimene chimakwezedwa m'mwamba mukafika pamalo ogona, kuti munthu aime mowongoka ndiponso mpweya uzilowa, ndipo m'mbali mwake mumakhala nsalu yolimba ngati ya tenti. Nsaluyo inali itafumbwa, ndipo kuti ndisinthe matabwa a m'mphepete ndinafunika kutsitsa chigawo chonsecho pansi. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga sindinaumvepo bwino ngati tsiku limenelo, pamene ine, alamu ndi anyamata awiri a kwathu okhala nyumba yoyandikana nafe tinali titasenzadi denga pamitu, wina akukuwa kuti titsitse kumanzere, wina kumanja. Nsalu yatsopano anaisoka telala wina wa ku Mangochi amene ali ndi makina ake m'kachipinda ku Turffontein. Ndinamupatsa yakaleyo kuti atengere muyezo, ndipo anandiuza kuti singano ziwiri zinathyoka asanamalize.

Potseka mizere ndinagwiritsa ntchito tepi ya butyl, imene ndi phula lofewa lokulungidwa ngati lamba ndipo siliuma gwa. Ndondomeko yake ndi yotopetsa koma si yovuta: kumasula mzere, kuutsuka mpaka uyere, kutsuka pamene unali, kugoneka tepi, kubwezera mzere, n'kumanga masikuluwu mpaka phula litatuluka pang'ono m'mbali monse. Masikuluwu akale anali atadyeka mitu, ena ndinachita kuwaboola, ndipo ndinaikamo osachita dzimbiri, lililonse nditalipaka phula kunsonga lisanalowe. Ndinawerenga mpaka 300 kenako ndinasiya kuwerenga.

Kunsi kunali nkhani yabwinoko. Nditagona chagada pakatoni n'kupala chassis, chimango chachitsulo chimene chimanyamula kalavani yonse, ndi bulashi ya waya, ndinapeza kuti dzimbiri linali lapamwamba chabe, kupatula mwendo umodzi wa kumbuyo, mwa miyendo inayi imene imatsitsidwa kuti kalavani isagwedere ikaima, umene wowotcherera wa pafupi anaukonza. Mabuleki ake ndinawakonda chifukwa cha nzeru yake yosafuna magetsi: galimoto ikachepetsa liwiro, kalavani imakankhira kutsogolo, chitsulo cha pacholumikizira chimalowa m'kati n'kukoka waya, ndipo wayayo amamanga mabuleki a matayala. Chitsulocho chinali chitauma ndi girisi wakale, mawaya atagwirana, choncho tinamasula, kutsuka ndi kusintha zofunika kusintha. Thabwa la pansi linawola pakhomo pokha, pamene anthu ankaponda ndi nsapato zonyowa.

Za magetsi sindichulutsa mawu. Mawaya akale onse ndinachotsa, ndinaika batire ya mavoti 12 yoyatsira nyali za LED, zimene sizidya moto wambiri, ndipo mbali ya mavoti 230, imene imalumikizidwa ku magetsi a pamalo ogona, ndinaitanira munthu wodziwa. Gasi nayenso sindinamukhudze, kupatula kupaka thovu la sopo polumikizira mapaipi kuti ndione ngati pakutuluka mpweya, chifukwa lamulo la kuno limafuna kuti ntchito ya gasi igwiridwe ndi munthu wovomerezeka amene amapereka satifiketi, ndiponso chifukwa m'kanyumba kameneka mudzagona ana anga. Chimene chinatidabwitsa tonse ndi filiji. Ndi ya mtundu wopanda injini, imene imaziziritsa pogwiritsa ntchito kutentha, kaya kwa gasi kapena kwa magetsi, ndipo sichita phokoso ngakhale pang'ono. Poyamba inakana, koma bambo a ku Boksburg aja anandiuza kuti filiji yotere imafuna kukhala yowongoka bwino, ndipo bwalo lathu ndi lotsetsereka. Nditawongola kalavani ndi levulo n'kudikira usiku wonse, m'mawa ndinapeza madzi a m'kapu ataundana.

Penti, amene ndinkaganiza kuti ndiye ntchito yonse, anangotenga masiku a Loweruka awiri. Aluminiyamu amafuna penti woyamba wapadera amene amaluma chitsulo, apo ayi wapamwambayo amasupuka ngati khungu la njoka. Ndinasunga mitundu yake yakale, woyera pamwamba ndi mzere wachikasu m'chiuno. Timaenje ta matalala timene tili padenga ndinatisiya, chifukwa kutiwongola kukanafuna kumata mankhwala amene amadzasweka chitsulo chikamapindika, ndiponso kuno galimoto yogona panja yopanda chipsera cha matalala ndi yosowa. Pa nthawi imeneyi mayi a kunyumba anali atasiya kuitchula khola la nkhuku, ndipo anatulutsa m'sutikesi zitenje zimene anagula mumsika wa Limbe ulendo wathu womaliza, nasoka makatani ndi zovekera makushoni. Ndinkafuna kuika matailosi pansi, koma ndinadziletsa ndekha nditanyamula katoni imodzi m'sitolo, n'kugula kapeti wa pulasitiki woonda.

Kuti isinthidwe dzina kukhala langa inafunika kukayesedwa ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo kumeneko anaona mabuleki, nyali za kumbuyo, matayala, cholumikizira ndi tepi yachikasu yonyezimira ya m'mbali, kenako ndinalipira laisensi n'kumata disiki yake. Pobwerera tinadutsira pasikelo yoyezera magalimoto, ndipo nambala imene inatuluka inasonyeza kuti mpata wa katundu ulipo, koma si waukulu. Ndikanapitiriza ndi mapulayiwudi anga aja mpata umenewo ukanathera m'makoma.

Mvula yoyamba yamphamvu inagwa chakumapeto kwa Okutobala, madzulo, monga mmene imachitira kuno: mitambo yakuda inaunjikana, mphepo inanyamula fumbi ndi mapepala, kenako ziphaliwali ndi mabingu. Ndinathamangira m'kalavani ndi tochi, ndipo mayi a kunyumba ananditsatira atafunda chitenje kumutu. Phokoso la padenga linali ngati la nyumba ya malata yopanda siling'i, moti tinkachita kukuwa polankhulana. Ndinaunika kona iliyonse, m'makabati, m'mphepete mwa nsalu ya denga, ndikusisita ndi chikhatho, ndipo ponse panali pouma. Ndinali nditayamba kale kudzitama pamene iwo anandigwira mkono nati, "Taunikani apa, bambo." Pansi pa windo la kutsogolo, pafupi ndi kona yomwe ija ndinayambira, panali kadontho kamodzi kakutsika pang'onopang'ono pa pulayiwudi watsopano. Ndinazunguliza malowo ndi pensulo, ndipo Loweruka lotsatira ndinapeza kuti madziwo ankalowera pa sikuluwu limodzi la chogwirira chokankhira kalavani, limene ndinalimanga madzulo ena kutada osalipaka phula.

Alamu amafunsa mwezi uliwonse kuti tidzaikoka liti kupita nayo kumudzi, kudzera mu N1 mpaka ku Musina ndi Beitbridge, kenako Harare, Nyamapanda, Tete ndi kukalowera pa Mwanza, kuti akaione itaima pamchenga ku Salima. Ine ndimawayankha kuti iyambe yaonetsa khalidwe lake pa maulendo aafupi, ndipo woyamba ndi wa ku Vaal Dam mwezi wamawa, pamene ine ndikuphunzira kubwerera chambuyo ndi ngolo pokonzekera mayeso a Code EB. Pakadali pano mkangano umene ulipo panyumba ndi wa katundu. Zolemera siziyenera kukhala kumbuyo kwenikweni, chifukwa kalavani yolemera kumchira imayamba kuvina pamsewu mpaka kugwetsa galimoto yoikoka, choncho ndabwereka sikelo ya kubafa ndipo chilichonse chikuyezedwa chisanalowe. Mphika wachitsulo wa miyendo itatu tagwirizana kuti ukwera pikapu. Thumba la ufa la makilogalamu 10 mayi a kunyumba akana kuti lisiyane nawo, ndipo talipezera malo pansi pa mpando wa pakati, pamwamba penipeni pa ekiselo.